Kudzutsa Dungeons & Dragons Yakale Pakati Pathu Kuno ku Joni: Malangizo kwa Woyambitsa Gulu

Funso ili labwera kambirimbiri, pa WhatsApp ndi pamaso pomwe: "Ndaona anthu akusewera Dungeons & Dragons pa YouTube, ndingayambitse bwanji ndi anzanga akumudzi kuno ku Joni?" Ndilemba yankho kamodzi pano, kuti wofunsa aliyense azingopatsidwa zimenezi.

Tiyambe tamvana za chinthu chomwe tikukamba. Awa ndi masewera a nthano yapatebulo. Munthu mmodzi amakhala mwininthano, amene m'mabuku amamutcha Dungeon Master kapena referee. Iyeyu amafotokoza malo, zoopsa ndi anthu amene gulu lakumana nawo. Ena onse aliyense amakhala ndi mtengambali wake mmodzi, ndipo amanena zimene mtengambaliyo akuchita. Pomwe pali chikayiko ngati chinthu chitheke, dayisi ndiyo imagamula. Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewerawa mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, ku Wisconsin m'dziko la America. Kwa ife amene tinakula ndi "Padangokhala", "Tili tonse", kusiyana kwake n'kumodzi: apa omvera sangovomera, ndiwo akuyendetsa nkhani.

1. Sankhani malamulo amodzi, ndipo akhale a 1981

Masewerawa atuluka m'mitundu yambiri, ndipo manambala a mtundu wina sagwirizana ndi a unzake. Kwa anthu oyamba kumene, tengani malamulo amene Tom Moldvay anakonza mu 1981, buku la Basic la masamba 64, lomwe limafikitsa mtengambali pa giredi 3 (giredi ndi sitepe ya kukula kwa mphamvu zake). Linzake la Expert, la David Cook, limapitiriza mpaka giredi 14. Osewera amangowatcha B/X. Mtundu wa 2014, umene umaoneka kwambiri pa intaneti, ndi wabwino ndithu, koma buku la osewera lokha limaposa masamba 300. Munthu amene waweruka pa shifiti ya maola 12 sangakhale ola lathunthu akudzaza pepala asanalawe n'kusewera komwe. Mu B/X mtengambali amabadwa m'mphindi 10.

Musavutike kusaka buku lakalelo. Gavin Norman analembanso malamulo omwewa mwadongosolo pansi pa dzina la Old-School Essentials, ndipo kabuku kake koyambira, ka Basic Rules, kamapezeka mwaulere pa intaneti. Pitani nako posindikizira pafupi ndi kwanu, mutulutse kope limodzi lokha, la mwininthano. Osewera safunika buku.

Ngati mumtima muli ganizo lomasulira malamulo m'Chichewa n'kumagawa, musamasulire buku la TSR, pakuti eni ake tsopano ndi a Wizards of the Coast, amene anagula TSR mu 1997. Basic Fantasy ya Chris Gonnerman ndiyo ili ndi chilolezo cha Creative Commons chololeza kumasulira. Koma manambala ake amasiyana pang'ono ndi a B/X, ndiye musasakanize awiriwa patebulo limodzi.

2. Zipangizo

Mapensulo, labala, ndi kope la masamu la timabokosi, lija la ana asukulu. Madayisi a mbali 6 a ludo akhale atatu kapena kuposa. Pafunikanso dayisi ya mbali 20, ya mbali 8 ndi ya mbali 4, zomwe m'mabuku zimalembedwa d20, d8 ndi d4. Paketi imodzi ikwanira gulu lonse. Amagulitsa pa Takealot ndi m'mashopu a zoseweretsa, komanso ku Comic Con Africa, chionetsero chomwe zaka zapitazi chakhala chikuchitikira ku Nasrec.

Ngati paketiyo sinafike, makadi agwira ntchito. Patulani makadi 10 akuda, kuyambira A mpaka 10, ndi 10 ofiira chimodzimodzi. Lakuda liwerengeni momwe lalembedwera, lofiira muwonjezerepo 10. Mwapeza d20. Koma muzibwezera khadi n'kusakaniza nthawi iliyonse, apo ayi ochenjera ayamba kuwerenga makadi otsala. Pa d4, ponyani dayisi ya ludo, ikagwa 5 kapena 6 mubwereze. Madayisi a pafoni ndimawaletsa kwa oyamba: foni ikalowa m'manja, maso amapita ku mauthenga.

Pomaliza, mbale ya nyemba zouma. Nyemba iliyonse ndi pointi imodzi ya moyo wa mtengambali. Munthu akaona nyemba zake zisanu zatsala ziwiri, amamva mantha amene nambala yapapepala singamupatse.

3. Konzani chinthu chimodzi chosokoneza m'malamulo

Mu B/X nambala ya chitetezo imayenda chobwerera: wopanda chovala chankhondo ali ndi 9, wachikopa 7, waunyolo wachitsulo 5, wachitsulo thupi lonse 3. Woyamba aliyense amafunsa chifukwa chake nambala yaing'ono ndiyo yabwino, ndipo yankho lake limadya nthawi. Tembenuzani: chotsani nambala yakaleyo pa 19. Ndiye wopanda kanthu akhala 10, wachikopa 12, waunyolo 14, wachitsulo 16, chishango chiwonjezera 1. Tsopano lamulo ndi la mpweya umodzi: ponyani d20, muwonjezere bonasi yanu (onani gawo 9), mukafika pa nambala ya chitetezo cha mdani kapena kuiposa, mwamulasa. Old-School Essentials inasindikiza kale manambala onse awiri.

Mitunda nayo ili m'mafiti. Ingonenani kuti kabokosi kamodzi pamapu ndi mamita 3, basi.

4. Ufiti, juga ndi gule: apa ndi pomwe magulu athu amafera

Malangizo ambiri amalumpha gawo ili, chifukwa analembedwera anthu amene kwa iwo mfiti ndi ya m'mafilimu. Kwa ife si choncho. Patebulo panu pakhala mayi wa Mvano, mnyamata wa kwaya, m'bale wa ku Mangochi amene amaswali ku Mayfair, mwinanso wina amene agogo ake anapirikitsidwa pamudzi ataganiziridwa ufiti. Mukangoti "inu mukhala mfiti", wina adzuka mwaulemu ngati akukayankha foni, ndipo simumuonanso. Lamlungu lotsatira mbiri ikhala itafika kutchalitchi kuti kuchipinda kwa uje kukuchitika za satana.

Mantha amenewa si athu tokha. Ku America m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi abusa ambiri analimbana nawo masewerawa, mpaka mu 1989 a TSR anachotsa mawu oti demon ndi devil m'mabuku awo atsopano. Eni ake anasintha mawu poganizira anthu awo. Inunso sinthani poganizira anu. Manambala musakhudze, mungosintha dzina ndi nkhope.

Wovuta kwambiri ndi amene m'buku amatchedwa magic-user. Musamutche mfiti, wamatsenga kapena sing'anga. Kumbukirani mmene zodabwitsa zimachitikira m'nthano zakwathu. Mwana wamasiye amayimba, thanthwe n'kutseguka. Kambalame kamayimba, amene anapha mnzake kutchire n'kuululika. Palibe anatchulapo agogo okamba nthano zotere kuti ndi mfiti. Ndiye mtengambali ameneyu mutcheni mwininyimbo, munthu amene anasiyiridwa nyimbo zakale zomwe dziko limazimvera. Lamulo silisintha: pa giredi 1 ali ndi nyimbo imodzi, amaigwiritsa ntchito kamodzi patsiku, ndipo imabwerera akagona usiku wathunthu. Mphamvu yotchedwa Sleep, yogoneka gulu la adani ang'onoang'ono nthawi imodzi, ikhale nyimbo yotonthozera mwana kumbuyo. Pemphani wosewerayo kuti ang'ung'udze kamzere kamodzi. Mudzaona tebulo lonse likuvomera, ndipo mantha aja athera pomwepo.

Wachiwiri ndi cleric, wansembe wa milungu ya m'masewera. Patebulo pomwe pali Akhristu ndi Asilamu, milungu yopeka ingochotsani. Mutcheni wazitsamba, wodziwa mitengo ndi kumanga mabala. Mu B/X munthu ameneyu alibe mphamvu yochiritsa pa giredi 1, imayamba pa giredi 2, ndiye muli ndi masabata angapo oti gulu limuzolowere. Mphamvu yake yobweza mizukwa isiyeni ngati gulu likuilola. Likakana, chotsani mizukwa m'nkhani, palibe chiwonongeke.

Wachitatu ndi thief. Mawu oti "mbava" ife obwera tawamva mokwanira m'misewu ino, sitikufunanso kuwamvera patebulo. Mutcheni mzondi: woyenda patsogolo, wotsegula maloko, wozindikira misampha. Fighter ndi wankhondo kapena mlenje, pamenepo palibe vuto.

Samalani ndi liwu loti "kukhwima". Limaoneka loyenera pofotokoza mtengambali amene wakula mphamvu, koma tonse tikudziwa tanthauzo lake kwathu. Nenani kuti wakwera giredi. Ndondocha, lichero louluka usiku, kutamba ndi kufukula manda, zonsezi zisiyeni panja. Zimenezi anthu amaneneredwa zenizeni, ena mpaka kuphedwa nazo.

Gule wamkulu musamusandutse mdani wokanthidwa ndi mkondo. Woyamba aliyense amakopeka, chifukwa zigoba zake n'zoopsa kale ndipo zithunzi zili ponseponse kuchokera pomwe UNESCO inamuzindikira mu 2005. Koma kwa wolowa kudambwe mwachita chipongwe, ndipo kwa wakutchalitchi mwatsimikiza zomwe amaopa. Mwataya onse awiri. Napolo ndi wanthano ndithu, koma funsani kaye. Mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, matope otsika m'phiri la Soche anakwirira anthu ku Chilobwe, ndipo kuno ku Joni alipo amene anamva za maliro a abale awo pafoni.

Tsopano juga. Madayisi ndi makadi patebulo, kwa munthu wodutsa pakhomo, ndi njuga basi. Lamulo likhale lolimba: ndalama isaoneke patebulo, ngakhale R2 yoikira chizindikiro pamapu. Gwiritsani zitsekerero za mabotolo. Zosonkha za zakumwa zitoleredwe pakhomo masewera asanayambe. Landilodi muuzeni nokha asanamve kwa ena, ndipo chitseko chizikhala chotsegula.

Amene akukayika, kaya ndi mkazi wa mnzanu kaya mkulu wa mpingo, musatsutsane naye. Muitaneni adzakhale pampando aonere, tiyi ali m'manja. Ndipo gwirizanani liwu limodzi musanayambe: aliyense akati "tilumphe apa", mwininthano amalumpha osafunsa chifukwa.

5. Mangani malo oyamba, aang'ono

Musayambe ndi kujambula dziko lonse ndi mafumu ake. Pafunika mudzi umodzi wokhala ndi msika, wosula zitsulo ndi bwalo la mfumu, kenako malo amodzi oopsa pa mtunda wa theka la tsiku. Linga lakale patsinde pa phiri, lokhala ndi mapanga pansi pake, limagwira bwino. Makolo athu anathawiradi m'malinga ndi m'mapiri nthawi ya nkhondo, ndiye aliyense amaliona m'maso mwake osafotokozeredwa.

Jambulani zipinda 12 pa kope la timabokosi. Pakhale makomo awiri olowera, ndi njira zozungulira zokumananso, kuti osewera azisankha. Phanga la njira imodzi ngati paipi silipatsa munthu chochita. Pa chipinda chilichonse ponyani dayisi ya ludo monga ananenera Moldvay: 1 kapena 2 muli mdani, 3 msampha, 4 chinthu chodabwitsa, 5 kapena 6 mulibe kanthu. Oyamba amaona ngati zipinda zopanda kanthu n'zotaya nthawi, n'kudzaza monse ndi adani. Musatero. M'zipinda zimenezo ndi momwe gulu limapumira, kukangana za njira, ndi kuona zizindikiro za choopsa chomwe chili kutsogolo: mafupa a mbuzi, phazi la fisi pafumbi, fungo la utsi.

Ikanimo magulu awiri osagwirizana, monga achifwamba amene abisala kumtunda ndi eni phanga akumunsi. Apa Akafula amakwanira bwino, anthu afupiafupi aja a m'mbiri zakale amene ankafunsa mlendo kuti "Mwandionera pati?" Wanzeru ankayankha kuti "Kutali uko", wopusa n'kuti "Pompano". Koma akhale anthu okambirana nawo, eni malo odziwa njira, osati nyama zosaka. Anali anthu enieni, ndipo zina mwa zojambula za m'miyala ya ku Chongoni ku Dedza ndi zawo.

Ena amafuna kugwiritsa ntchito mgodi wakale, popeza tikukhala pamwamba pa migodi ya golide yomwe inayamba mu 1886, ndipo agogo athu ambiri anatsikamo pa Wenela ndi Theba. Ganizo n'labwino, koma muuike m'dziko lopeka. Mgodi weniweni wa ku Joni lero uli ndi azama zama, ndipo simudziwa amene ali ndi m'bale pansipo.

Chuma ndicho mtima wa B/X. Ndalama imodzi yagolide yotulutsidwa m'phanga n'kufika nayo kumudzi ndi pointi imodzi yokwerera giredi. Wankhondo amafuna mapointi 2,000 kuti afike giredi 2, mzondi 1,200, wazitsamba 1,500, mwininyimbo 2,500. Kupha mdani wamba kumapereka mapointi 10 okha. Wankhondo angafunike kupha anthu 200 kuti akwere ndi nkhondo yokha, ndipo afa asanafike wachisanu. Malamulowa anapangidwa dala kuti wochenjera ngati Kalulu apindule kuposa wamphamvu ngati Njovu. Kwa osewera asanu, mwazani chuma cha pafupifupi 10,000 m'phanga lonse, chambiri chobisika kapena cholonderedwa, kuti chituluke m'maulendo anayi kapena asanu. Chisakhale makobidi okhaokha. Ikani mitolo ya makasu, mikanda, mkuwa, nsalu ndi matumba a mchere. Katundu wolemera amabweretsa funso labwino: tisenze zonse tiyende pang'onopang'ono, kapena tisiye zina tipulumuke?

6. Zitatu zimene musataye

Amene amadzutsa masewera akale amakonda kutaya malamulo atatu awa poganiza kuti ndi achikale. Akawataya, chotsala ndi ndewu yokhayokha.

Loyamba ndi nthawi. M'phanga nthawi imawerengedwa m'zigawo za mphindi 10. Kufufuza chipinda ndi chigawo chimodzi. Kuyenda mosamala timabokosi 12 ndi chigawo chimodzi kwa wopanda chovala chankhondo, 9 kwa wachikopa, 6 kwa wachitsulo. Muuni umayaka zigawo 6, ndiye kuti ola limodzi, ndipo umaunika timabokosi 3. Jambulani mabokosi 6 papepala poonekera, muzidula limodzi chigawo chikatha. Pakatha zigawo ziwiri zilizonse ponyani dayisi ya ludo, ikagwa 1 ndiye kuti china chake choyendayenda chawapeza. Ichi ndicho chimaletsa gulu kugogoda khoma lililonse mpaka kucha.

Lachiwiri ndi kalandiridwe. Gulu likakumana ndi alendo, musathamangire nkhondo. Ponyani madayisi awiri a ludo muphatikize: 2 akuukira, 3 mpaka 5 ndi aukali, 6 mpaka 8 akukayika, 9 mpaka 11 angathe kukambirana, 12 ndi abwenzi. Mwa magwedwe 36 a madayisi awiri, 2 imatuluka kamodzi kokha, pomwe 6 mpaka 8 imatuluka ka 16. Ndiye nthawi zambiri pamakhala mpata wa malonje, ndipo malonje ndi luso lomwe anthu athu amabwera nalo kale.

Lachitatu ndi kulimba mtima kwa adani. Mdani aliyense ali ndi nambala yake pakati pa 2 ndi 12. Woyamba wa gulu lawo akagwa, ndiponso theka likatha, ponyani madayisi awiri. Ikaposa nambalayo, athawa kapena kugonja. Gulu la nambala 7 limathawa ka 15 mwa 36. Mukaiwala lamulo ili, ndewu iliyonse ikhala ya wafawafa, ndipo akufa akhala osewera anu.

7. Imfa ya mtengambali

Mwininyimbo amayamba ndi moyo wa d4 (1 mpaka 4), pomwe chida wamba chimachotsa d6, ndiye kuti zomwe yagwa dayisi ya ludo. Mkondo umodzi ukhoza kumumaliza mphindi 20 zoyamba. Osewera akale amaseka n'kupanga wina. Munthu amene wakwera matakisi awiri kuchokera ku Diepsloot kapena ku Tembisa saseka, ndipo sabweranso.

Chitani zitatu. Pa giredi 1 aliyense ayambe ndi moyo wodzaza: wankhondo 8, wazitsamba 6, mzondi 4, mwininyimbo 4. Nyemba zikatha, asafe pompo, aponye d20 yopulumukira imfa monga yalembedwera m'buku: wankhondo amafuna 12 kapena kuposa, wazitsamba 11, enawo 13. Akakwanitsa wangokomoka, ndipo anzake ayenera kumunyamula. Chachitatu, aliyense apange atengambali awiri tsiku loyamba. Wachiwiri akhale wosenza katundu kapena wogwira muuni kumbuyo, kuti woyamba akagwa wosewera asakhale manja lende.

Kupitirira apo musafewetse. Ndipo musabise dayisi n'kunama kuti mupulumutse munthu. Ponyani poyera. Izi zimathandizanso pa ulemu: mwininthano akakhala wamng'ono ndipo mtengambali wa amalume wagwa, aliyense waona kuti yapha ndi dayisi, osati mwana. Chimene muyenera kuchita nthawi zonse ndi kuchenjeza. Msampha uliwonse wakupha ukhale ndi chizindikiro choti watcheru angachione.

8. Nthawi ndi malo

Magulu a m'mabuku amayembekezera anthu omwewo sabata iliyonse. Kuno sizitheka. Wina ndi mlonda wa usiku, wina amagona kwa abwana ku Sandton n'kutuluka Loweruka masana, wina shopu ya ku Fordsburg kapena ku Crown Mines imatsegula ngakhale Lamlungu, wina ganyu yamugwera mwadzidzidzi. Mukadikira kuti onse akwane, mudzasewera kawiri pachaka.

Chitani tebulo lotseguka. Lembani anthu 8 kapena 10 pa gulu la WhatsApp, oyamba asanu kuvomera ndiwo akusewera, ndipo atatu akwanira kuyamba. Lamulo lochititsa kuti izi zitheke ndi ili: ulendo uliwonse umayambira kumudzi n'kuthera kumudzi tsiku lomwelo. Palibe kusiya nkhani gulu lili pakati pa phanga. Kukatsala mphindi 30, nenani kuti miuni yatsala pang'ono, abwerere. Amene sanabwere, mtengambali wake anatsala kumudzi, nkhani yatha. Mapu akhale amodzi a gulu lonse, ajambulidwe pafoni n'kutumizidwa, kuti obwera sabata yamawa apitirize pomwe anzawo analekera.

Maola atatu akwana. Lamlungu kuyambira 1 koloko masana ndi nthawi yabwino. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo Lamlungu madzulo matakisi amachepa, ndiye tsekani pofika 4 koloko kuti wopita ku Rosettenville, Yeoville kapena Cosmo City afike kukuwala. Magetsi akazima musaimitse, kandulo imodzi pakati pa tebulo imakometsa phanga kuposa babu.

9. Tsiku loyamba

Musaphunzitse malamulo. Perekani pepala ndi pensulo, aliyense aponye madayisi atatu a ludo kasanu n'kamodzi motsatana: mphamvu, nzeru, kuzindikira, changu, thanzi, ndi chikoka. Nambala 9 mpaka 12 ilibe bonasi, 13 mpaka 15 iwonjezera 1, 16 ndi 17 iwonjezera 2, 18 iwonjezera 3. Kumunsi nako chimodzimodzi: 6 mpaka 8 ichotsa 1, 4 ndi 5 ichotsa 2, 3 ichotsa 3. Kugula katundu kumadya nthawi, ndiye konzeranitu timapepala ta katundu wa mtundu uliwonse: chida, chingwe, miuni 6, thumba, kamba wa paulendo. Aliyense atchule dzina la mtengambali wake ndi chifukwa chimodzi chomwe akufunira chuma. Ngongole, chiwongo, mbewu, kuombola m'bale. Zifukwa zotere anthu athu sasowa.

Sankhani wojambula mapu mmodzi ndi wolankhulira gulu mmodzi. Udindo wachiwiriwu unalimo m'malamulo a 1981, ndipo kwa ife ndi wofunika, chifukwa pamakhala ena amene sangadule mawu a wamkulu. Wolankhulira azifunsa aliyense asanapereke ganizo la gulu, ndipo udindowu uzisinthana sabata ndi sabata, amayi ndi achinyamata omwe. Inu mwininthano muziitana anthu ndi maina a atengambali awo, ndi "inu" kwa aliyense.

Yambani ndi "Padangokhala", adikireni avomere, kenako muwaike pakhomo pa phanga, osati kumsika. Zimamveka motere, mwininthano akusinthana mawu ndi osewera:

"Mwaima pakhomo pa linga. Mpanda unagwa kalekale. Kumanzere kuli dzenje lotsika pansi, mukutuluka kamphepo kozizira konunkha utsi. Pafumbi pali mapazi ang'onoang'ono, olowa okhaokha. A Nabanda, muuni uli ndi inu. Mutani?"

"Alamu, tsogolani ndinu muli ndi chishango."

"Iyayi, dikirani kaye achemwali. Mapaziwo ndi a anthu angati?"

"Mukagwada n'kuyang'anitsitsa muona atatu. Amodzi akukoka mwendo."

"Ndiye wina wavulala. Tisalowe ndi mikondo m'manja. Ine ndiyamba ndaodira."

Onani kuti mpaka apa dayisi sinaponyedwe. Wosewera wafunsa funso labwino, mwamuyankha zoona. Cholakwa chachikulu cha mwininthano watsopano ndi kuponyetsa dayisi pa chilichonse, ngakhale kuyang'ana pansi. Dayisi ndi ya pomwe pali ngozi ndi chikayiko. Apa, munthu akaodira, mpomwe muponye madayisi awiri a kalandiridwe, ndipo chifukwa wafika mwaulemu muwonjezereni 1. Ikagwa 7 n'kukhala 8, liwu lituluke mumdima: "Mwandionera pati?" Mukatero khalani chete, muyang'ane wolankhulira gulu, mudule bokosi loyamba la muuni.

Wina akafuna kuchita chinthu chomwe m'buku mulibe, monga kuthira ufa pansi kuti aone komwe mphepo ikuchokera, musatsegule buku. Ngati n'chanzeru, chatheka. Ngati chili ndi ngozi, nenani mwayi wake pa dayisi ya ludo asanaponye, "2 mwa 6, mukalephera chingwe chiduka", ndipo mumulole asinthe maganizo. Chigamulocho chilembeni kumbuyo kwa kope lanu, kuti sabata yamawa wina akachita zomwezo mudzagamule chimodzimodzi.

Akabwerera kumudzi, werengani chuma poyera, mugawe mapointi mofanana kwa onse amene abwerako amoyo, ndipo aliyense alembe ake. Mapepala a atengambali asapite kunyumba, amasochera m'matumba a ovololo. Asungeni inu mu envulopu imodzi pamodzi ndi mapu, ndipo musanabalalike funsani funso limodzi lokha: ulendo wamawa mukufuna kulowera khomo liti? Yankho lawo ndilo zipinda zomwe mukonze mkati mwa sabata.